Mabuku a macrobiotics amene ndinawerenga pofuna kuchira, ndi zimene anandichita

Anthu amene akudziwa kuti ndinakhala zaka 4 ndikudya motsatira chiphunzitso cha macrobiotics amakonda kundifunsa mabuku oti awerenge. Ambiri mwa iwo safunsa chifukwa cha chidwi chabe. Wina amakhala atangochokera kuchipatala ndi uthenga wolemera, wina akudwazika kholo lake, ndipo wina watopa ndi thupi losamupatsa mtendere ngakhale kuti madokotala sakupeza vuto lalikulu. Kale ndinkayankha msangamsanga potchula mayina a mabuku atatu kapena anayi, koma masiku ano sinditero, popeza ndinaona ndi maso anga kuti buku limodzi lomwelo likhoza kumuthandiza munthu kapena kumupweteka, malingana ndi nthawi imene walitsegula komanso zimene anawerenga asanalipeze. Choncho ndifotokoza mabukuwo pamodzi ndi zimene anandichita, kuti amene akufuna kudzera njira imeneyi adziwiretu pamene pali poterera.

Ndinali ndi zaka 39 pamene ndinayamba kuvutika ndi chilungulira cha usiku uliwonse, kusowa tulo ndiponso kutopa kosatha. Thupi linali litanenepa mopitirira muyeso, ndipo adokotala atandiyeza anandichenjeza kuti shuga wa m'magazi wayamba kukwera, ngakhale kuti anali asanafike pa mlingo wa matenda. Anandipatsa mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba n'kundilangiza kuti ndisinthe kadyedwe, koma ine sindinkadziwa poyambira. Mnzanga wina wa kuntchito ndi amene anandibwereka buku la Michio Kushi lotchedwa The Book of Macrobiotics, limene linatuluka koyamba mu 1977. Ndinalimaliza m'masiku 5 okha. Chimene chinandigwira mtima sichinali mndandanda wa zakudya, koma mfundo yakuti kudya si nkhani ya mimba yokha, kuti kumakhudza maganizo, khalidwe, tulo ndiponso mmene munthu amakhalira ndi chilengedwe. Kwa munthu amene anazolowera kudya choimirira maso ali pa foni, mawu amenewa anali ngati madzi ozizira pakhosi pouma.

Musanatsegule buku lililonse la chiphunzitsochi, ndi bwino kudziwa kumene chinachokera, chifukwa olemba ena amachifotokoza ngati nzeru yamakedzana yosasinthika, pamene chili ndi eni ake ndi zaka zake zodziwika. Liwu lakuti macrobiotics linachokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza moyo wautali. Dokotala wa ku Germany, Christoph Wilhelm Hufeland, analigwiritsa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 polemba za luso lotalikitsa moyo, koma kadyedwe kamene timakadziwa lero ndi dzinali kanabadwira ku Japan. Sagen Ishizuka, dokotala wa asilikali amene anamwalira mu 1909, ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera anthu akasiya mbewu zosachotsedwa gaga ndi masamba, ndipo ankaika mtima pa kulinganiza sodium ndi potassium m'chakudya. Mnyamata wina wodwala chifuwa chachikulu, Yukikazu Sakurazawa, anatsatira zolemba za Ishizuka, ndipo atapeza bwino anapereka moyo wake wonse ku ntchito yofalitsa zimenezi. Kunja kwa Japan anatchuka ndi dzina lakuti George Ohsawa. Iyeyu ndiye analumikiza nkhani ya chakudya ndi nzeru ya yin ndi yang, mphamvu ziwiri zimene amati imodzi imatambasula ndi kuziziritsa, inayo imapanikiza ndi kutenthetsa. Shuga ndi mowa amaziika kumalekezero a yin, nyama, mazira ndi mchere kumalekezero a yang, ndipo mbewu amaziika pakati. Ohsawa anamwalira mu 1966 ali ndi zaka 72, ndipo ophunzira ake, Michio Kushi ndi mkazi wake Aveline ku Boston komanso Herman ndi Cornellia Aihara ku California, ndi amene anapitiriza ntchitoyo ku America.

Kadyedwe kamene Kushi ankaphunzitsa anthu wamba si kovuta kukamvetsa. Pafupifupi theka la mbale likhale mbewu zathunthu monga mpunga wabulauni, balere, mawere ndi tirigu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi likhale masamba. Kotsalako kukhale nyemba, ndere za m'nyanja ndi msuzi wa miso, umene umachokera ku soya wosasitsidwa ndi mchere. Nsomba imaloledwa mwa apo ndi apo, koma nyama, mkaka, mazira, shuga ndi zakudya za m'mafakitale zimapewedwa. Chinanso chimene amalimbikitsa kwambiri ndi kutafuna, mpaka ka 50 pa nthongo iliyonse. Ndinayamba kuchita zimenezi ndi mtima wonse, ndipo chaka choyamba chinali chabwino kwambiri. Thupi linapepuka, tulo tinabwerera, chilungulira chinachepa mpaka adokotala anandilola kusiya mankhwala patatha chaka ndi miyezi ingapo, ndipo shuga anatsika. Phindu limeneli linali lenileni ndipo sindilikana. Koma lero ndikamaliganizira ndimaona kuti silinkafunika yin ndi yang kuti limveke. Munthu amene wasiya zakumwa zotsekemera, wasiya kudya usiku kwambiri, wayamba kudziphikira, kudya masamba ndi nyemba tsiku lililonse ndiponso kutafuna modekha, thupi lake limamuthokoza, kaya akutsatira chiphunzitso chiti.

N'chifukwa chake buku loyamba limene ndimauza munthu kuti awerenge si la nzeru zakuya, koma la kukhitchini. Ndi la Aveline Kushi, lotchedwa Aveline Kushi's Complete Guide to Macrobiotic Cooking, la mu 1985, limene analemba mothandizana ndi Alex Jack. Bukuli linandiphunzitsa zinthu zimene ndimazichitabe mpaka lero: kutsuka mpunga mofatsa ndi kuuviika usanapite pamoto, kuviika nyemba usiku wonse, kuphika masamba mwachidule kuti asataye mtundu, kukazinga chitowe n'kuchisinja pamodzi ndi mchere pang'ono kuti chikhale chowaza pa mpunga, ndi kusungunula miso kumapeto osalola kuti msuzi ubwadamuke. Mayiyu amalemba ngati munthu amene waima nanu pafupi ndi moto, ndipo mumaona kuti kwa iye kuphikira anthu inali ntchito yaulemu. Komabe ngakhale buku labwinoli limafuna maso awiri. Zokometsera zake zambiri, monga miso, msuzi wa soya ndi zipatso zoviikidwa mumchere zotchedwa umeboshi, zili ndi mchere wochuluka, zomwe si zabwino kwa munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la impso. Ndere yotchedwa kombu ili ndi ayodini wambiri moti kuidya tsiku ndi tsiku kukhoza kusokoneza chithokomiro, ndipo ndere ina yotchedwa hijiki, imene mabuku akale amaitamanda, bungwe la Food Standards Agency la ku Britain linalangiza anthu mu 2004 kuti asamaidye chifukwa imakhala ndi poizoni wa arsenic. Zimenezi simungazipeze m'buku limene linalembedwa zaka pafupifupi 20 chenjezolo lisanaperekedwe.

Ndikanaima pamenepa, bwenzi nkhani yanga ili yokoma yokhayokha. Koma nditaona phindu ndinafuna kupita kugwero lenileni, ndipo ndinapeza buku la Ohsawa mwini wake lotchedwa Zen Macrobiotics, limene linafala ku America m'zaka za m'ma 1960. Ndi buku laling'ono, lolembedwa ndi mawu amphamvu a munthu wosakayika ngakhale pang'ono. Limandandalika masitepe 10 a kadyedwe, kuyambira pa otsika amene amalola nyama ndi zotsekemera mpaka pa sitepe yapamwamba yotchedwa nambala 7, pamene munthu amadya mbewu zokhazokha ndi kumwa madzi ochepa kwambiri. Limapereka chithunzi chakuti munthu akamakwera masitepewo amayandikira thanzi ndi ufulu weniweni, ndipo kuti masiku 10 a nambala 7 akhoza kugonjetsa matenda ambiri. Panthawiyo sindinkadziwa kuti mu 1965 mayi wina wachitsikana ku New Jersey anamwalira atatsatira kadyedwe kameneka kwa miyezi yambiri, ndiponso kuti mu 1971 nthambi ya zakudya ya bungwe la madokotala la American Medical Association inachenjeza poyera za kuopsa kwake. Bukulo silinganene zimenezi, ndipo ine sindinafunse wina aliyense. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'chaka chachiwiri ndinasiya nsomba. M'chaka chachitatu ndinayamba kuchita masiku 10 a mpunga wokhawokha, n'kumabwereza pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mafuta ndi zipatso ndinazichepetsa mpaka kutsala pang'ono kuzisiyiratu. Chakumayambiriro kwa chaka chachinayi ndinayamba kumva dzanzi kuzala za kumapazi, lilime linkawawa ngati lapsa, ndinkaiwala zimene ndangouzidwa kumene, ndipo ndikakwera masitepe ochepa ndinkapuma mwaphuma. Apa ndi pamene pali msampha umene ndikufuna kuti wowerenga aliyense auone bwino. Mabuku ambiri a macrobiotics amaphunzitsa kuti munthu akasintha kadyedwe, thupi limayamba kutulutsa zoipa zimene linasunga kwa zaka zambiri, ndipo kutulukako kumaoneka ngati kudwala: kutopa, zilonda, mutu, kuwonda. Ukakhulupirira zimenezi, chizindikiro chilichonse choipa umachiona ngati umboni wakuti ukuchira. Ukapeza bwino umati kadyedwe kakugwira ntchito, ukadwala umatinso kakugwira ntchito, ndipo sipatsalanso khomo limene uthenga wakuti walakwitsa ungalowere. Ndinakhala miyezi 5 ndikudziuza kuti dzanzi lija ndi zoipa zikutuluka.

Amene anandipulumutsa ndi mayi akunyumba. Tsiku lina ndikulephera kumanga zingwe za nsapato chifukwa zala zinali zitayambanso kuchita dzanzi, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa ndimakulemekezani, koma mwatuwa ndipo mukutha. Lero tipitira limodzi kuchipatala, mabukuwo adikire." Atandiyeza magazi anapeza kuti vitamini B12 anali atatsika kwambiri ndipo magazi anali ochepa. Adokotala anandifotokozera modekha kuti vitamini ameneyu amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama, monga nsomba, mazira ndi mkaka, kuti chiwindi chimamusunga kwa zaka zingapo moti munthu amene wasiya zakudyazi saona vuto msanga, ndiponso kuti mankhwala ochepetsa asidi amene ndinamwa kwa nthawi yaitali aja amachepetsa mphamvu ya thupi yotenga vitaminiyu. Nditawauza kuti ndinawerenga zoti miso ndi ndere zimakwanira, anandiyankha kuti zimenezo si zodalirika, popeza zambiri mwa zimene zimapezekamo zimangofanana ndi B12 koma thupi siligwiritsa ntchito. Anandiuzanso kuti kuchedwa kukanatha kuwononga mitsempha mpaka kalekale. Ndinabayidwa jakisoni kwa milungu ingapo, ndinayambanso kudya nsomba ndi mazira, ndipo mphamvu zinabwerera, koma dzanzi la chala chimodzi cha phazi lamanzere silinatheretu mpaka lero.

Pambuyo pake ndi pamene ndinawerenga za kafukufuku wa ku Netherlands, amene Pieter Dagnelie ndi Wija van Staveren a ku yunivesite ya Wageningen anachita chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa ana aang'ono a m'mabanja otsatira macrobiotics. Anapeza kuti ana ambiri ankakula mochedwa, makamaka kuyambira miyezi 6 mpaka 18, kuti ankasowa vitamini B12, ndiponso kuti ena anali ndi matenda a kufewa kwa mafupa chifukwa cha kuchepa kwa vitamini D ndi kashiyamu. Makolo a anawo sanali osasamala. Anali anthu okonda ana awo amene anakhulupirira mabuku ngati mmene ndinachitira ine. Kholo lililonse, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene akuganiza za kadyedwe kameneka ayenera kuwerenga za kafukufukuyu asanawerenge china chilichonse, ndipo zidule zake zimapezeka pa intaneti. Kwa amene akufuna buku limodzi loti liziwongolera enawo, ndimatchula la Walter Willett wa ku Harvard lotchedwa Eat, Drink, and Be Healthy, lomwe linatuluka koyamba mu 2001. Limagwirizana ndi macrobiotics pa kufunika kwa mbewu zathunthu, nyemba ndi masamba, koma limasonyezanso kuti mafuta abwino, zipatso ndi nsomba si adani, ndipo limasiyanitsa zimene zili ndi umboni wamphamvu ndi zimene zidakali zongoganiziridwa.

Munthu angaganize kuti zitatere ndinali nditaphunzira mokwanira, koma mantha ali ndi njira yake yobwezera munthu kumene anachoka. Patatha zaka 2, achemwali anga aakulu anapezeka ndi khansa ya m'bere. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo banja lonse linasokonezeka. Ine, posowa chochita ndi manja anga, ndinapita pa shelefu n'kutenga mabuku awiri: The Cancer Prevention Diet la Michio Kushi ndi Alex Jack, la mu 1983, ndi Recalled by Life la mu 1982, mmene Anthony Sattilaro, dokotala amene ankatsogolera chipatala china ku Philadelphia, akufotokoza mmene khansa yake ya prostate, yomwe inali itafalikira m'mafupa, inazimiririka atayamba macrobiotics. Ndinadziuza kuti ndikungowapatsa chiyembekezo. Patapita mlungu umodzi ndinapita kukawazonda, ndipo ndinapeza buku la Kushi lili pa tebulo, tsamba lonena za khansa ya m'bere litapindidwa, pamene wolembayo amagwirizanitsa matendawa ndi mkaka, shuga ndi zakudya zina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, mabuku anu ndawerenga. Ndiye mukuti matendawa ndinadziitanira ndekha ndi zimene ndinkadya? Ndipo ndikapita kukachitidwa opaleshoni ndiye kuti ndasowa chikhulupiriro?" Ndinalibe yankho. Sindinanenepo mawu amenewo ndi pakamwa panga, koma ndinali nditawasenzetsa katundu wina pamwamba pa matenda awo, katundu wodziimba mlandu, pa nthawi imene ankafunika mphamvu zonse kuti asankhe bwino za chithandizo.

Usiku umenewo ndinachita chimene ndikanayenera kuchita ndisanawapatse mabukuwo, chimene ndi kufufuza kumene nkhanizo zinathera. Sattilaro asanayambe macrobiotics anali atachitidwa maopaleshoni ndi kulandira mankhwala a mahomoni, chithandizo chimene chimadziwika kuti chimabweza khansa ya mtundu umenewu kwa zaka zingapo, ndipo khansayo inadzabweranso n'kumupha mu 1989. Aveline Kushi anamwalira mu 2001 ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Michio Kushi anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 88 ndi khansa ya kapamba. Sindikutchula imfa zimenezi pofuna kunyoza anthuwa, popeza ndimawalemekeza ndipo anaphunzitsa anthu ambiri kudya mwanzeru. Ndikuzitchula chifukwa zikusonyeza kuti khansa imafikira ngakhale munthu amene wadya mosamala kwa zaka makumi ambiri, choncho wodwala sayenera kudziona ngati wolephera. Mabungwe monga Cancer Research UK amanena momveka kuti palibe umboni wa sayansi wakuti macrobiotics imachiritsa khansa. Ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Yale, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2018 m'magazini ya Journal of the National Cancer Institute, anapeza kuti odwala khansa yochizika amene anasankha njira zina zokhazokha m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala anali pa chiopsezo cha imfa chowirikiza kawiri ndi theka, ndipo kwa odwala khansa ya m'bere chiopsezocho chinali chowirikiza kasanu ndi kupitirira. M'mawa mwake ndinapita kukapepesa kwa achemwali ndipo mabuku awiri aja ndinabwerera nawo.

Buku limene linandithandiza kumvetsa cholakwa changa ndi la Susan Sontag, lotchedwa Illness as Metaphor, la mu 1978, limene analemba iye mwini atadwala khansa ya m'bere. Ndi lalifupi koma limafuna kuwerenga modekha. Iye akusonyeza kuti matenda amene anthu sakudziwa gwero lake amakonda kuwaveka matanthauzo, n'kumati amagwira anthu a khalidwe lakuti kapena a mtima wakuti, ndipo mapeto ake wodwala ndi amene amasenza mlandu. Akupereka chitsanzo cha chifuwa chachikulu, chimene kwa nthawi yaitali ankachiona ngati matenda a anthu a mtima wofewa mpaka pamene kachilombo kake kanadziwika ndipo mankhwala anapezeka. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuti macrobiotics yonse inayambira pa mnyamata mmodzi wodwala chifuwa chachikulu pa nthawi imene mankhwala ake kunalibe, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anagwiritsitsa yankho limene anapeza, komanso chifukwa chake ife sitiyenera kuligwira mofanana. Achemwali analiwerenga kawiri ndipo anati linawamasula. Iwo anakondanso The Emperor of All Maladies la Siddhartha Mukherjee, la mu 2010, lomwe limafotokoza mbiri ya khansa ndi mmene njira zoichizira zinapezekera. Ndi lalikulu, ndipo masamba ena ndi olemera kwa munthu amene ali pakati pa chithandizo, choncho ndimalangiza kuti wodwazika ayambe ndiye kuliwerenga, n'kusankhira wodwala zigawo zoyenera.

Achemwali anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala amphamvu a khansa ndi chithandizo cha cheza, ndipo m'miyezi imeneyo ndi mmene ndinaona ntchito yeniyeni ya zimene ndinaphunzira kukhitchini. M'kamwa mwawo mutatuluka zilonda ndinkawaphikira phala la mpunga lofewa kwambiri ndi msuzi wa masamba wopanda zowawa, ndipo ndisanawonjezere chilichonse chachilendo ndinkayamba ndafunsa anamwino. Atauzidwa kuti akufunika zakudya zomanga thupi kuti asawonde, ndinkaika mazira, nsomba ndi mkaka popanda kuwerengera yin kapena yang. Tsiku limene ankalakalaka chotsekemera ndinkawapatsa, chifukwa kwa munthu amene wakhala masiku atatu osamva kukoma kwa kanthu, kulakalaka chakudya chilichonse ndi uthenga wabwino.

Pa za moyo wauzimu ndiyenera kunena mosabisa kuti mabuku a macrobiotics anandilonjeza zambiri koma anandipatsa zosakaniza. Muli mfundo zokongola zimene ndimazisungabe, monga chiphunzitso cha Ohsawa chakuti njere imodzi imabala njere 10,000, choncho amene walandira pang'ono ayenera kubweza zambiri moyamikira, ndiponso mawu ake a Chilatini akuti non credo, kutanthauza kuti sindikhulupirira, olimbikitsa munthu kuti asangokhulupirira koma adziyesere yekha. Koma mulinso ganizo lakuti chakudya choyera chimakweza munthu pa msinkhu wapamwamba wa kuzindikira, ndipo ganizo limeneli linabzala kunyada mumtima mwanga. Ndinayamba kuyang'ana mbale za anzanga ndi diso loweruza, ndinkakana chakudya chimene abale andikonzera ndi chikondi, ndipo ndinkadya ndekha kawirikawiri ndikuganiza kuti ndikukula muuzimu, pamene ndinali kudzipatula kwa anthu. Dzina la Zen limene lili pa buku la Ohsawa lisakusokonezeni, chifukwa bukulo si chiphunzitso cha amonke a Zen, nthambi ina ya chipembedzo cha Chibuda. Amene akufuna kumva zimene iwo amaphunzitsa pa chakudya awerenge malangizo amene Dogen, mphunzitsi wa Zen wa ku Japan, analembera wophika wa panyumba ya amonke mu 1237, otchedwa Tenzo Kyokun, amene amapezeka m'Chingerezi pamodzi ndi ndemanga za Kosho Uchiyama m'buku lotchedwa How to Cook Your Life. Dogen sanena kuti chakudya chakuti chimayeretsa munthu. Amalangiza wophika kuti asanyoze masamba wamba ndipo asatengeke ndi zophikira zapamwamba, koma agwire zonse ndi chisamaliro chofanana, ali ndi mtima wachimwemwe, mtima wa kholo losamalira mwana, ndi mtima waukulu wosakondera. Mawu amenewa ndi amene anandibwezera pa tebulo la anthu ena.

Kwa amene akulimbana ndi ululu, nkhawa kapena kusowa tulo, ndimatchula Full Catastrophe Living la Jon Kabat-Zinn, la mu 1990, lochokera pa maphunziro a milungu 8 amene anayambitsa mu 1979 pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts. Ndimalikonda chifukwa limasiyanitsa kuchiritsidwa kwa matenda ndi kupola kwa munthu wamkati, ndipo silimuuza wodwala kuti asiye mankhwala. Limaphunzitsa kukhala chete, kutsatira mpweya ndi kumvetsera thupi popanda kulimbana nalo, zomwe achemwali ankachita akamadikira nthawi yawo kuchipatala. Ndipo ine monga munthu wopemphera ndinabwereranso ku buku la Yobu, limene ndinali nditaliwerenga kambiri koma osadziona mmenemo. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyambirira pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu, ndipo analakwa pamene anayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Ndinazindikira kuti tsiku lija ndinafika kwa achemwali ndi mabuku m'manja ndinali mmodzi wa iwo. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsanso za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, ndipo Yesu anakana zoti pali amene anachimwa. Ndime ziwirizi ndimaziwerenga nthawi zonse ndisanapite kukazonda wodwala.

Achemwali ali moyo, anabwerera kuntchito, ndipo amapitabe kukayezedwa pa nthawi imene adokotala anawaikira. Buku la Sontag lidakali kwawo chifukwa amalibwereka amayi anzawo amene anakumana nawo kuchipatala. Ine ndimadyabe mpunga wabulauni, nyemba ndi masamba masiku ambiri, ndimatafuna modekha, ndimadya nsomba ndi mazira, ndipo ndimayezetsa magazi chaka chilichonse. Zen Macrobiotics ndi mabuku awiri a khansa aja ali pa shelefu yapamwamba, ndipo ndimangowabwereka munthu wathanzi amene akufuna kudziwa mbiri ya chiphunzitsochi ndipo wawerenga kale Willett ndi kafukufuku wa ku Netherlands. Buku la zophika la Aveline Kushi ndiye limayendayenda m'manja mwa anthu, ndipo amene walibwereka amapeza kuti paliponse pamene palembedwa hijiki ndinadulapo mzere, ndipo pa tsamba loyamba ndinalemba ndi pensulo kuti akayezetse magazi asanayambe, akayezetsenso pakatha miyezi 6, ndipo akawauze adokotala ake zonse zimene wasiya kudya.